Makamera Anayi pa Milatho Iwiri: Kusanthula Chigamulo cha McCarthy

Wopita ku Cape Cod pa galimoto, m'chigawo cha Massachusetts ku America, sangachitire mwina koma kuwoloka mlatho wa Bourne kapena wa Sagamore. Pa milatho iwiriyi anatcherapo makamera anayi owerenga nambala za galimoto. Galimoto ikangodutsa, makinawo ankalemba nambala yake, tsiku, nthawi ndi kumene ikulowera, ndipo zonsezi zinkasungidwa kwa chaka chathunthu. Apolisi a m'tauni ya Barnstable, pofufuza za malonda a heroin, anatsegula kaundulayu n'kuwerenga maulendo a galimoto ina popanda chilolezo cha khoti. Woimbidwa mlandu pa nkhaniyi, McCarthy, anadandaula kuti kumeneku n'kumusecha mozembera malamulo. Mu 2020 bwalo lalikulu la Massachusetts linapereka chigamulo pa mlanduwu, wotchedwa Commonwealth v. McCarthy, ndipo amene anachilemba ndi woweruza Frank Gaziano.

Ukamawerenga ndime zoyamba, umaganiza kuti wodandaula wapambana. Bwalo likutsamira pa mlandu wa Carpenter wa mu 2018, umene unagamula kuti apolisi ayambe apeza chilolezo asanatenge mbiri ya malo amene foni ya munthu yakhala ikufika. Mfundo yake ndi yakuti zinthu zoonekera poyera, zikasonkhanitsidwa zambiri, zimaulula za kumtima. Bango limodzi si mphasa, koma mabango akasokedwa pamodzi munthu amagonapo. Kuona galimoto pamsewu kamodzi si kanthu. Kuiona tsiku ndi tsiku n'kudziwa kumene mwini wake amagona, amapemphera ndi amene amacheza nawo. Choncho oweruza akuvomera kuti makamera akachuluka ndiponso akaikidwa m'malo ambiri, kuwerenga kaundula wake n'kusecha ndithu.

Awonjezanso mfundo ziwiri zolemera. Yoyamba ndi ya malo: kamera yoyang'ana nyumba ya munthu kapena kachisi imaulula zambiri kuposa ya pamsewu waukulu. Yachiwiri ndi ya muyeso: chofunika kuwerenga si umboni wokha umene boma labwera nawo kukhoti, koma zonse zimene latolera zokhudza munthuyo.

Kenaka chigamulo chikukhota. Makamera anayi pa milatho iwiri, akutero oweruza, amangosonyeza kuti galimoto yalowa kapena yatuluka mu Cape Cod, osati kumene yapita. Ndiye kuti panalibe kusecha, ndipo umboniwo ulandiridwe.

Apa m'pamene pagona vuto. Bwalo lanena kuti malire alipo, koma lakana kuloza pamene ali. Makamera khumi ndi ambiri? Nanga 100? Wapolisi sakudziwa pomwe ayenera kukapempha chilolezo, dalaivala nayenso sakudziwa pomwe ufulu wake wayambira. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti oweruza anagamula potengera makamera okhawo amene anatchulidwa pa mlanduwo. Ngati ufulu wa munthu ukudalira kuchuluka kwa makamera, pamene odziwa chiwerengero chake ndi apolisi omwewo, wodandaula atsimikizira bwanji kuti anamulondalonda mopyola muyeso?

Chigawo cha New Hampshire, choyandikana ndi Massachusetts, chinasankha njira yachidule. Lamulo lake la mu 2016 limati nambala yojambulidwa ifufutidwe pasanathe mphindi zitatu, pokhapokha ngati ikukhudza galimoto kapena munthu amene akufunidwa kapena wagwidwa ndi mlandu. Pansi pa lamuloli, mbiri ya maulendo a munthu wosalakwa siunjikana n'komwe.

Chigamulo cha McCarthy chaona bwino ngozi imene ikubwera, koma chitetezo chake n'choperewera. Kuti chigwire ntchito, anthu a m'tauni iliyonse ayenera kufunsa apolisi ndi khonsolo yawo kuti makamera alipo angati, ali pati, zojambulazo zimasungidwa masiku angati ndipo amagawana ndi ndani.