Kafukufuku wa kutopa pa ntchito wasiya kunja amene amatolera manambala ku Ndamera

Galimoto yochoka ku Blantyre kupita ku Ndamera imatsika mapiri a Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kudutsa Nchalo, Ngabu, Bangula ndi pa boma la Nsanje isanalunjike kumalire a Marka. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kuchigwachi kumapitirira madigiri 40. Mvula ikachuluka kumtunda madzi amadzaza dambo la Ndindi, ndipo anthu a kwa Nyachikadza amadalira bwato kuti afike kumtunda kumene kuli chipatala. Galimoto za kafukufuku zimayenda msewu umenewu kawirikawiri, zitanyamula achinyamata ofunsa mafunso, anamwino a kafukufuku, otenga magazi ndi madalaivala. Ambiri a iwo amalembedwa ntchito kudzera m'mapulojekiti a mayunivesite ndi mabungwe ogwirizana nawo, pa kontrakiti ya milungu kapena miyezi yowerengeka.

Nkhani ya umoyo wa ogwira ntchito yayamba kumveka m'mayunivesite, ndipo n'zoyamikika. Kumakhala tsiku la masewero olimbitsa thupi, kuyezetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, mlangizi wa za m'maganizo, komanso mauthenga okumbutsa anthu kupuma. Zonsezi zimapezeka pasukulu pomwepo, ndipo zimafikira munthu amene ali ndi ofesi ndi imelo ya kuntchito. Wofunsa mafunso amene wagona m'chipinda cha lendi pafupi ndi Ndamera sadzazipeza. Zolembedwa zimene Malawi ali nazo pa nkhaniyi zikawerengedwa bwino, zimaonetsa kuti vutoli limayambira pa amene kafukufuku anasankha kuwawerenga ndi mafunso amene anawafunsa.

Zimene malipoti awiri anapeza

Lipoti loyamba ndi la Viva Thorsen, Andra Tharp ndi Tarek Meguid, lomwe linatuluka mu BMC Nursing mu 2011. Iwo anafunsa ogwira ntchito ya uchembere 101 pa chipatala chachikulu cholandira odwala otumizidwa. Anthu 72 mwa 100 aliwonse ananena kuti atheratu mphamvu mumtima, 43 ananena kuti ayamba kuona odwala ngati katundu, ndipo 74 ankaona kuti ntchito yawo sikupindula kanthu. Lachiwiri ndi la Maria Kim ndi anzake, lomwe linatuluka mu PLoS ONE mu 2018. Ili linakhudza azaumoyo 520 osamalira anthu amene ali ndi HIV, ndipo 62 mwa 100 aliwonse anapezeka ndi kutoperatu ndi ntchito, kumene pa Chingerezi kumatchedwa burnout. Linaonetsanso kuti otopawo ndi amene ankavomera kwambiri kuti nthawi zina sasamalira odwala moyenera.

Malipotiwa anagwira ntchito yofunika. Anachotsa nkhani ya kutopa m'makonde a zipatala, m'mene inkangonong'onedwa, n'kuiika pa pepala limene mkulu wa chipatala kapena wa ku unduna sangalikane. Lachiwirilo linapita patsogolo polumikiza kutopa kwa wogwira ntchito ndi chisamaliro cha wodwala, ndipo mfundo imeneyi ndiyo imagwedeza ogawa ndalama.

Komabe pali zinthu zitatu zoti wowerenga asaiwale. Choyamba ndi chida choyezera. Malipoti onse awiri anagwiritsa ntchito Maslach Burnout Inventory, mafunso 22 amene Christina Maslach ndi Susan Jackson anasindikiza mu 1981 atawayesa pa ogwira ntchito a ku America. Malire osiyanitsa kutopa kwambiri, kwapakati ndi kochepa anachokera pa kugawa anthu a kumeneko m'magulu atatu, ndipo eni chidachi anawachotsa m'buku la malangizo ake mu 2016 poona kuti sangagwiritsidwe ntchito ngati muyezo wa matenda. Choncho nambala ngati 62 imadalira pamene ochita kafukufuku alemba mzere. Imasonyeza kuti vuto ndi lalikulu, koma kuiyerekeza ndi nambala ya dziko lina kumafuna kusamala.

Chachiwiri, kafukufuku wofunsa anthu kamodzi kokha amapeza amene atsala pa ntchito. Namwino amene anatopa n'kusiya, kapena amene anapempha kusamutsidwa kuchoka kumudzi, sapezeka pa tsiku lofunsa mafunso. Kusowa kwakeko kumapeputsa nambala m'malo amene vuto lafika poipa.

Chachitatu ndi chimene chikukhudza mayunivesite mwachindunji. Ofunsidwa anali ogwira ntchito m'zipatala. Munthu amene ananyamula mapepala a mafunsowo, kuwagawa ndi kuwalowetsa m'kompyuta sanali m'gulu lowerengedwa. Eni malipotiwa sangadzudzulidwe pa zimenezi, chifukwa funso lawo linali lina. Cholakwika chimabwera pamene sukulu yatenga malipoti otere ngati chithunzi chonse cha umoyo wa ogwira ntchito m'gawo la zaumoyo, n'kuiwala antchito ake amene imawatumiza kumidzi.

Buku limene linawaona

Buku la Cal Biruk lotchedwa Cooking Data, lomwe linasindikizidwa ndi Duke University Press mu 2018, ndi limodzi mwa zolembedwa zimene zinatsata ofunsa mafunso a ku Malawi pa ntchito yawo. Biruk anayenda nawo m'makafukufuku akuluakulu a za Edzi ndi chiwerengero cha anthu m'zaka za 2007 ndi 2008. Mutu wa bukuli ukuchokera pa mawu odziwika akuti kuphika manambala, mlandu umene kawirikawiri umagwera wofunsa mafunso akamaganiziridwa kuti anadzaza pepala ali pansi pa mtengo. Biruk akuonetsa kuti nambala iliyonse imadutsa m'manja ambiri isanatchedwe yoyera, ndipo kuti ofunsa mafunso ali ndi luso limene silitchulidwa: kupeza khomo lopanda adiresi, kumasulira funso lolembedwa kunja kuti limveke kwa agogo, kutonthoza mwininyumba amene wakwiya poona kuti mphatso yake ndi sopo basi. Akuonetsanso moyo wongodumpha kuchoka pa pulojekiti ina kupita pa ina, wopanda chitsimikizo cha mwezi wamawa.

Mphamvu ya bukuli ndi yakuti limamupatsa wofunsa mafunso nkhope ndi nzeru. Kwa wokonza ndondomeko za umoyo wa antchito, lili ndi malire ake. Ndi buku la chikhalidwe cha anthu, ndiye silipereka chiwerengero cha odwala malungo, ovulala pa msewu kapena ovutika maganizo. Linalembedwanso kuchokera m'nthawi ya mapepala ndi pensulo. Lero tabuleti imalemba nthawi imene funso lililonse latenga ndi malo amene wofunsayo waima, ndiye woyang'anira ali ku Blantyre kapena ku Ulaya amadziwa kuti wantchito wachedwa. Tabuletiyo silemba kuti kunja kukutentha bwanji, kapena kuti munthuyo wadya.

Mu 2021 Janina Steinert ndi anzake anasonkhanitsa mu BMJ Global Health zolembedwa za mavuto amene ogwira ntchito ya kafukufuku amakumana nawo m'maiko osauka. Zimene zinkabwerezedwa ndi ngozi pa thupi, ntchito yosakhazikika, kuzunzidwa kwa akazi, kulemedwa mumtima pomva mavuto a ofunsidwa, ndi kusiyana kwa mphamvu pakati pa antchito a m'dziko ndi akuluakulu a pulojekiti. Iwo anafunsa ngati mfundo za ulemu, chilungamo ndi kuchitira zabwino, zimene makomiti a kafukufuku amateteza nazo ofunsidwa, siziyenera kufikanso kwa ofunsa. Funsoli likukhudza makomiti a kuno monga COMREC ndi NHSRC, popeza malamulo a dziko lonse amene makomiti otere amatsata, kuyambira pa Declaration of Helsinki ya 1964, analembedwa poganizira wofunsidwa.

Zimene Ndamera ikuwonjezera

Chigwa cha Shire chapereka umboni umene dziko lonse lapansi lagwiritsa ntchito. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, boma linapereka katemera wa kolera wakumwa ku Nsanje, polinga anthu pafupifupi 160,000. Ochita kafukufuku anatsata amayi oyembekezera a ku Nsanje amene analandira katemerayu, n'kuwayerekeza ndi a ku Chikwawa amene sanalandire. Zotsatira zake zinatuluka mu The Lancet Infectious Diseases mu 2017, ndipo sizinaonetse kuti katemerayu amawonjezera kupita padera. Kuti nambala imeneyi ipezeke, panafunika anthu obwerera kumidzi kukafufuza mayi aliyense mpaka pathupi pake patatha, m'dera limene madzi anali atangogwetsa nyumba ndi kubalalitsa mabanja.

Kuyambira pamenepo chigwachi chaona madzi osefukira a nthawi ya namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, wa Gombe mu Malichi 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 unagwira Nsanje m'masiku ake oyambirira, ndipo m'dziko lonse unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Ngozi iliyonse yotere imabwera ndi magulu a kafukufuku ofuna kudziwa za misasa, madzi akumwa, njala ndi matenda. Nthawi imene dera lili pa chiopsezo chachikulu ndi yomwenso wofunsa mafunso amatumizidwako.

Mafunso 22 a Maslach sangagwire zambiri zimene zimatopetsa munthu ku Ndamera. Mulibe funso la kutentha, la madzi akumwa, la neti yotchinga udzudzu m'chipinda chogona, kapena la jekete yoyandamitsa pokwera bwato m'madzi amene muli ng'ona ndi mvuu. Mulibe funso la alawansi imene yachedwa, ngakhale wofunsa mafunso amalipira chipinda ndi chakudya kuchokera mu alawansi yomweyo, ndipo ikachepa amasankha chipinda chotchipa kuti atumize kena kake kunyumba. Mulibenso funso la chilankhulo. Anthu ambiri kumeneko amalankhula Chisena ndi Chimang'anja, ndiye pepala lomasuliridwa m'Chichewa cha ku Lilongwe limasiyira wofunsayo ntchito yomasuliranso pakamwa, mlandu uli wake ngati mayankho asokonekera.

Palinso katundu wa mumtima. Munthu amafunsa mayi kuti banja lake ladya kangati dzulo, n'kulemba yankho lomvetsa chisoni, n'kutsanzika chifukwa malamulo a kafukufuku samulola kupereka ndalama ndipo makomo ena akudikira. Madzulo ake tabuleti imatumiza manambala, koma zimene wamva amagona nazo yekha.

Zimene ena anganene

Ena anganene kuti ofunsa mafunso amakhala ku Ndamera milungu yochepa n'kubwerera kutauni, pamene namwino ndi mlangizi wa zaumoyo wa pachipatalapo amapirira kutentha ndi madzi chaka chonse, nthawi zina pa malipiro osafika pa alawansi ya pulojekiti. Mfundoyi ndi yoona, ndipo sukulu iliyonse yochita kafukufuku pa chipatala chakumudzi iyenera kudzifunsa za ntchito imene ikuwonjezera kwa antchito a boma powapempha kaundula, chipinda ndi nthawi yawo. Komabe udindo wa yunivesite umayambira pa amene yawalemba ndi kuwatuma. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa ntchito la 1997 ndi lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito la 2000 amaika udindowo pa wolemba ntchito.

Ena anganenenso kuti ndalama palibe. Koma zambiri zofunika ku Ndamera n'zotchipa poyerekeza ndi mtengo wa galimoto kapena wa ulendo wa ku msonkhano wakunja. Chovuta n'chakuti sizilembedwa m'bajeti pa nthawi yopempha ndalama, ndipo chimene sichili m'bajeti woyang'anira gulu sangachigule ali kumudzi. Bungwe la WHO, lomwe mu 2019 linafotokoza burnout ngati vuto lochokera ku ntchito, linatulutsa malangizo a thanzi la m'maganizo pa ntchito mu 2022. Malangizowo amatchula kukonza kagwiridwe ka ntchito ndi kuphunzitsa oyang'anira, pamodzi ndi uphungu wa munthu payekha. Uphungu wokha sungathandize amene akudikira alawansi ya milungu iwiri.

Zimene zingasinthe

Komiti yovomereza kafukufuku ingathe kupempha tsamba limodzi lofotokoza chitetezo cha antchito a kumudzi, monga imapemphera chikalata cha chilolezo cha ofunsidwa. Tsambalo linganene za inshulansi ya kuchipatala ndi ya ngozi, kumene wodwala angathamangitsidwe, maola oyambira ndi kuweruka m'miyezi yotentha, katemera wa kolera kwa opita kumene kuli mliri, njira yodandaulira yosadutsa kwa woyang'anira yekha, ndi nthawi yokambirana zimene gulu laona pa sabata. Chiwerengero cha makomo oyendera pa tsiku chingawerengeredwe molingana ndi Nsanje, osangotengera za ku Zomba kapena ku Dedza. Ofesi yoona za antchito ingasunge mndandanda wa olembedwa pa kontrakiti zazifupi, kuti uthenga wa chithandizo uwafikire pa foni.

Kwa ophunzira a zaumoyo wa anthu amene akufuna mutu wa kafukufuku, ntchito ilipo. Gulu la ofunsa mafunso lingatsatidwe kuyambira tsiku la maphunziro mpaka miyezi ingapo kontrakiti itatha, polemba matenda, ngozi, kuchedwa kwa malipiro, kutentha kwa tsiku ndi tsiku ndi thanzi la m'maganizo, n'kuona mmene zimenezi zikuyendera ndi ubwino wa manambala obwera nawo. Kim ndi anzake anaonetsa kuti azaumoyo otopa amaperewera posamalira odwala. Funso lomwelo liyenera kufunsidwa za munthu amene akulemba yankho la khomo lakhumi dzuwa la Ndamera lili paliwombo, chifukwa ndondomeko za katemera ndi za chithandizo cha nthawi ya ngozi zimamangidwa pa zimene iye walemba.