Mzere wofiira pansi pa Chinyanja chathu

Aphunzitsi anzanga, amene munalembapo phunziro la Chinyanja pa kompyuta mukuudziwa mzere wofiira uja. Mukalemba "mwana" kapena "chimanga", Microsoft Word imadula mzere pansi pake ngati mphunzitsi wolusa akuchonga kope. Chipwitikizi chokha ndicho chimadutsa bwinobwino.

Chonsecho pulogalamuyi si yaulere. Mu Januwale 2025, Microsoft inakweza mtengo wa Microsoft 365 Personal ku America kuchoka pa madola 69.99 kufika pa 99.99 pachaka, itaikamo Copilot. Ndalamazi ndi lendi: mukasiya kulipira, zolemba zanu mumangoziwerenga, kuzikonza ayi. N'chifukwa chake ambiri kuno ku Domwe timayendera Office yakuba, yoikidwa ndi anyamata okonza makompyuta, ndipo ma virus amayenda nayo limodzi pa flash.

Opikisana nayo alipo. Google Docs ndi yaulere, koma imafuna intaneti, ndipo ma mega a Movitel kapena Vodacom amatha msanga kuposa malipiro. LibreOffice, imene inayamba mu 2010, ndi yaulere ndipo imagwira popanda netiweki. Nanga n'chifukwa chiyani sitisamuka? Chimene chimatigwira mwendo ndi mafayilo a .docx ndi .xlsx. Mafomu amabwera momwemo, ndipo mukawatsegula mu LibreOffice nthawi zina matebulo amasuntha pang'ono. Mphunzitsi woti akapereke mndandanda wa malikisi ku Ulongwe mawa alibe nthawi yoongola mizere. Mtengo wa mnzake wafika pa ziro, komabe Microsoft ikupambana chifukwa cha chizolowezi.

Ine ndikuti kwa mphunzitsi wa zinenero ziwiri LibreOffice ndiyo yabwinoko, ngakhale kusiyana kwake si kwakukulu. Nayo imafiiritsa Chinyanja mukangoiika kumene. Ubwino wake ndi wakuti dikishonale yake, ya mtundu wa Hunspell, ndi fayilo yotseguka imene tingalembe tokha n'kugawana popanda kupempha chilolezo. Izi n'zofunika kwa ife chifukwa mabuku athu amalemba "Cinyanja" ndi c, pamene kutsidya kwa malire ku Malawi amalemba ch. Mndandanda wobwereka kwa iwo ungatifiiritsenso.

Chinyanja chinalowa m'kalasi kuno ku Tete ndi PEBIMO pakati pa 1993 ndi 1997, makompyuta tisanawaone. Mawu a m'mabuku a kalasi yoyamba mpaka yachitatu tingawasonkhanitse pa misonkhano ingapo ya ZIP, aliyense atabwera ndi buku lake.