Njinga Yopanda Mabuleki Si Chikhulupiriro

Anzanga achinyamata, lero ndifuna tidzudzulane pang'ono. Kuno ku Lundazi njinga ndiyo miyendo yathu. Imatifikitsa kukwaya, kumsika wa pa Boma, kuchipatala ndiponso kumisonkhano ya achinyamata ku Lumezi kapena ku Chasefu. Koma taonani mmene timaikwerera.

Msonkhano ukatha mochedwa, timanyamuka dzuwa litalowa kale. Timayenda atatu atatu mondandalikana pa mseu wa Chipata, nyimbo ili pakamwa, ngati mseuwo ndi bwalo la tchalitchi. Wina wakweza mnzake pakaliyala, winanso wakhala pachitsulo cha kutsogolo. Nyali palibe, belu linagwa chaka chatha, ndipo potsetsereka mabuleki ake ndi chidendene cha patapata. Ukafunsa, yankho lake ndi lakuti, "Tapemphera kale, Mulungu atisunga."

Kodi chimenechi ndi chikhulupiriro? Iai. Tsegulani Mateyu 4. Satana atauza Ambuye Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, Iwo anakana, pakuti kudziika dala m'ngozi poyembekeza angelo ndi kuyesa Mulungu. Nanga ife ndife yani?

Woyendetsa lole yodzaza thonje kapena chimanga sangaime pomwepo monga mmene inu muimira. Katundu amamukankha. Usiku, nyali za galimoto ina zikamuthobwa m'maso, munthu wovala zakuda pa njinga yopanda chonyezimira samuona mpaka atamufika. Boma linakhazikitsa bungwe la RTSA ndi lamulo la pamseu la 2002, koma bungwelo silingaime pa mlatho uliwonse kukulonderani.

Chimene chindiwawa kwambiri ndi ichi: magulu athu amasonkha ndalama za yunifolomu, za ng'oma ndi za nkhuku ya alendo, koma sindinamvepo msungichuma akufunsa za mphira wa mabuleki. Atsogoleri, mlandu uwu ndi wanunso. Mukatsekera msonkhano mumdima, mukudziwa kuti ana a eni ake ali ndi ulendo wa makilomita ambiri. Mudzanena chiyani kwa mai amene mwana wao sanafike kunyumba?

Tsono tiyeni tisinthe. Tisananyamuke, tcheyamani ayese mabuleki a njinga iliyonse, akutsogolo ndi akumbuyo omwe. Tiziyenda kumanzere, mmodzi kumbuyo kwa mnzake. Pokhota, tambasulani dzanja, muyang'ane kumbuyo. Lole ikamabwera pamalo opapatiza, tsikani m'mbali idutse. Palibe manyazi pamenepo. Atsikana, kokerani chitenje bwino chisakodwe m'masipoko. Ngati mdima wakupezani, valani choyera ndipo mangani tochi pahandulo, apo ayi gonani kwa Akhristu anzanu, mudzapita m'mawa.

Pempherani ndithu musanakwere, koma mukati "Amen" gwiraninso mabuleki muone ngati akugwira. Loweruka likudzali, pa msonkhano wa gulu lanu, imikani njinga zonse panja, muziyese imodzi imodzi.