Dzanja Lamanzere la Jesse Orosco

Asodzi a ku Senga Bay amamudziwa mlovi amene sakhalitsa kwa bwana mmodzi. Chaka chino ali pa Nguwo, chamawa ali ku Mbenji, koma aliyense amamulimbirana chifukwa sagwiritsa mwala. Ku America, pamasewera a baseball, munthu wotereyu anali Jesse Orosco.

Orosco anabadwira ku Santa Barbara, California, mu 1957. Kuyambira 1979 mpaka 2003 anasewera m'matimu 9, kuphatikizapo New York Mets, Los Angeles Dodgers ndi Baltimore Orioles. Ntchito yake inali kuponya mpira ndi dzanja lamanzere. Ankakhala pambali kudikira, ndipo mphunzitsi ankamuitana zinthu zikathina. Mpira wake unkakhota mothawa womenya wamanzere, mwakuti ndodo inkangomenya mphepo. M'zaka zake zomaliza, nthawi zambiri ankalowa kudzathana ndi womenya mmodzi kapena awiri basi, n'kutuluka. Ntchito yotere imafuna mtima wachitsulo, pakuti akaphonyetsa kamodzi kokha timu yonse imalira.

Mu 1986, pamasewera omaliza olimbirana chikho cha World Series, Orosco, ali m'timu ya Mets, ndiye anagonjetsa Marty Barrett, womenya womaliza wa Boston Red Sox. Mets inatenga chikho, iye n'kuponya golovesi yake m'mwamba ndi chimwemwe. Mu 1988 analinso m'timu ya Dodgers yomwe inatenga chikhocho.

Anamaliza ali ndi zaka 46, ku Minnesota Twins, ataponya m'masewera 1,252. Mpaka lero palibe woponya wina mu ligi yaikulu ya Major League amene wafika pamenepo.