"Choyezera": Dzina Limodzi pa Zida Zosiyana

Omasulira nkhani zaumisiri ali ndi chizolowezi chotcha chida chilichonse cha wokonza wailesi kuti "choyezera". Dzinali likuyenera multimeter, pakuti imayezadi magetsi. Tingalilolenso pa frequency counter, ngakhale kuti iyo imawerenga mafunde pa sekondi, ndipo "chowerengera" likadaposa.

Vuto lili pa dummy load. Chidachi sichiyeza kanthu. Mmisiri amachilumikiza m'malo mwa eriyo poyesa wailesi yotumiza ndi kulandira mawu. Nthawi zambiri chimakhala cha ma ohm 50, ndipo chimameza mphamvu ya wailesiyo n'kuisandutsa kutentha, kuti mawu asapite m'mlengalenga kukasokoneza ena. Wophunzira wouzidwa kuti ichi n'choyezera adzaganiza kuti angachisiye tsiku limene sakufuna nambala, ndipo akatumiza mawu popanda chidachi kapena eriyo angathe kupsereza ma transistor otsiriza. Signal generator nayonso siyeza: imatulutsa mafunde odziwika kale kukula kwake, monga mwala wa pasikelo.

Pomwe tilibe dzina, ndi bwino kusiya la Chingerezi, n'kufotokoza ntchito ya chidacho pambali. Pa dummy load, aphunzitsi ayambe ayesa "chomeza mphamvu" m'kalasi, amve ngati ophunzira alilandira.