Buku la Mlendo Lonena za Mwana wa Kwathu

Ife a ku Mchinji tiudziwa ulendo. Ana athu aoloka pa Mwami kunka ku Chipata ndi ku Lusaka, ena natsikira ku Joni, monga anacitira makolo m'masiku a Wenela, pamene boma lathu linachedwa Fort Manning. Ambiri acoka cifukwa ca njala, koma alipo ena ocoka cifukwa kwao kwawakana. Za otere Mark Gevisser, mlembi wa ku South Africa, analemba buku la m'Cingerezi lochedwa The Pink Line, limene linaturuka m'caka ca 2020.

Mlembiyo anayenda maiko ambiri, monga Egypt, Russia, India ndi Kenya, kukamva mau a amuna okonda amuna anzao, akazi okonda akazi anzao, ndi anthu akuti mtima wao sugwirizana ndi thupi limene anabadwa nalo. Koma nkhani yoyamba m'bukumo iri ya mwana wa kwathu, Tiwonge Chimbalanga wa ku Thyolo. Mu December 2009 iye anacita cinkhoswe ndi Steven Monjeza ku Mankhoma Lodge m'Blantyre. Anagwidwa onse awiri, ndipo pa 20 May 2010 bwalo linawalamula kukhala m'ndende zaka 14 ndi nchito ya kalabvula gaga. Pa 29 May Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawamasula, atacezeredwa ndi Ban Ki-moon wa United Nations. Pambuyo pace Tiwonge anathawira ku Cape Town.

Ubwino waukuru wa bukuli ndi uwu, kuti mlembi anamvetsera. Manyuzipepala a kuno ndi a kunja omwe anati mlanduwo ngwa amuna awiri okwatirana. Koma Tiwonge mwini anali kunena kuti iye ndiye mkazi, nabvala cikazi, ndipo anthu anamucha Aunty. Cotero omtsutsa ndi omcinjiriza omwe analankhula za munthu amene sanamfunse. Pano Cingerezi cimkakamiza mlembi kusankha mau a mwamuna kapena a mkazi pa mzere uli wonse, ndipo Gevisser asankha a mkazi. Cinenero cathu cingoti "iye", ndipo mau amenewo sapatula munthu.

Ubwino wina ndiwo wakuti buku silinama za kucilendo. Ku South Africa lamulo linaloleza maukwati otere m'caka ca 2006, koma lamulo silinampatse Tiwonge nchito yokhazikika, kapena kumchinjiriza kwa ommenya m'makwalala. Anasauka kawiri, monga mlendo wa ku Malawi, ndiponso monga munthu wosiyana ndi anzace. Wakuganiza kuti othawawo apita kukadya zonona, awerenge masamba amenewa.

Komatu buku liri ndi zopelewera. Linalembedwera owerenga a kutsidya kwa nyanja, ndipo lisenza nkhani za maiko ambiri mu mtolo umodzi. Mau a mai wa kumudzi, a nkhoswe, ndi a mkuru wa mpingo amene afuna kusunga ciphunzitso cace osataya mwana wa mlongo wace, amveka pang'ono. Koma kwathu kuno mlandu wotere uyambira pa khonde, pakati pa amalume ndi mphwao, usanafike ku bwalo la boma. Amene afuna kudziwa kulemera kwace pa banja la Acewa kapena Angoni sadzakhuta nalo bukuli.

Ambiri anena kuti zonsezi zinadza ndi Azungu. Tsono tikumbukire kuti lamulo limene linamanga Tiwonge ndilo linadza ndi Angerezi, pakuti liri m'buku la zilango la Nyasaland limene linayamba kugwira nchito mu 1930. Ndiponso kale mu 1907 boma la Transvaal linafufuza za amuna osungana ngati banja m'makomboni a migodi. Nkhaniyi siinathe. Ku Nigeria Pulezidenti Goodluck Jonathan anasaina mu January 2014 lamulo la zaka 14 pa maukwati otere, ndipo kuno oweruza a Bwalo Lalikuru anagamula mu June 2024 kuti lamulo lakale likhalebe.

Abale, mlembi ali kumbali ya anthu amene alemba za iwo, ndipo sabisa. Ambiri a inu simudzabvomerezana naye, ndipo buku silingakuumirizeni. Koma wakuliwerenga moona mtima adzaleka kuseka pochula dzina la Tiwonge, pakuti adzaona munthu wa mudzi wace ndi abale ace, amene akhala kutali ndi manda a makolo. Aphunzitsi odziwa Cingerezi acita bwino kuliwerenga ndi kufotokozera akuru, kuti tsiku lakufika mlandu wotere pa mudzi wathu, tidzayambe tamva mwini wace tisanaweruze.