Kalozedwe ka Magwero m'Zolemba za Chipatala: Kuunika Njira ya Vancouver

Mlembi wotumiza nkhani ya kafukufuku ku magazini ya Malawi Medical Journal amayenera kusonyeza kumene watenga mfundo zake motsata njira ya Vancouver. Njirayi idayamba mu 1978 pamene akonzi a magazini a zachipatala adakumana mumzinda wa Vancouver ku Canada, ndipo malamulo awo adasindikizidwa koyamba mu 1979. Gwero lililonse limapatsidwa nambala molingana ndi mmene latchulidwira koyamba m'nkhani. Kumapeto kwa nkhani kumakhala mndandanda wa magwerowo: dzina la bambo la mlembi, zilembo zoyamba za mayina ake ena popanda mpumiro, mutu wa nkhani, dzina la magazini mofupikitsa, chaka, voliyumu ndi masamba. Alembi akapitirira 6, magazini ambiri amatchula 6 oyambawo n'kulemba et al., kutanthauza kuti “ndi ena”.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Chiganizo sichilemedwa ndi mayina komanso zaka, ndipo dokotala wotanganidwa amawerenga mosadodoma. Koma kufupikitsa kumeneku kumataya zinthu zina zimene kuno ku Malawi n'zofunika kwambiri. Zimenezi zimaoneka bwino poganizira mlembi amene akulemba za umoyo wa anthu a kwa Mfumu Yaikulu Kanduku m'boma la Mwanza.

Choyamba ndi dzina la malo. Mu 1995 magazini ya Lancet idasindikiza kafukufuku wa Heiner Grosskurth ndi anzake, wosonyeza kuti kuchiza bwino matenda opatsirana pogonana kudachepetsa kufala kwa HIV ndi pafupifupi 40 peresenti. Madokotala amangoutchula kuti kafukufuku wa ku Mwanza, koma Mwanza yake ndi ya ku Tanzania, m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Mlembi akalemba dzinali lokha n'kuikapo nambala, mphunzitsi kapena mlangizi wa zaumoyo wa kwa Kanduku angaganize kuti chiwerengerocho n'cha kwawo. Ngakhale Mwanza ya ku Malawi ili pawiri. Boma la Neno lidapatulidwa ku Mwanza mu 2003, kotero malipoti akale onena za anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene adali ku Luwani amati malowo ali m'boma la Mwanza, pamene lero ali ku Neno. Nambala yokha singathe kulongosola zonsezi. Chiganizo chenichenicho chiyenera kutchula dziko, boma ndi chaka.

Chachiwiri ndi mayina a alembi. Amalawi ambiri amadziwika ndi mfunda, monga Banda, Phiri ndi Mwale. Dzina lotere likatsatiridwa ndi chilembo chimodzi chokha, lingaimire anthu ochuluka, ndipo ntchito ya wina ingathe kupatsidwa kwa wina. Apa njira ya Vancouver ndi yoperewera. Chimene chathandizapo ndi nambala ya ORCID, yomwe idayamba mu 2012 ndipo wofufuza aliyense amakhala ndi yakeyake, komanso nambala ya DOI, yolozera nkhani imodzi yokha. Mkonzi aonetsetse kuti zilembo zonse zoyamba zalembedwa monga momwe zilili m'gwero. Asamalenso nkhodolero, chifukwa makompyuta osanja magwero nthawi zina amaitaya kapena kuisandutsa chizindikiro chachilendo. M'Chichewa ng' ndi ng ndi maliwu osiyana: ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire. Dzina loti Ng'oma likataya nkhodolero lasanduka dzina lina.

Chachitatu ndi kalembedwe ka mitu ya mabuku, ndipo apa olakwa kawirikawiri ndi akonzi odziwa bwino malamulo. Bungwe la Chichewa, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Motero timabuku ta zaumoyo ta zaka zosiyana tili ndi kalembedwe kosiyana. Chaka cha 1968 chisadafike, chiyankhulochi chinkatchedwa Chinyanja m'mabuku a boma ndi a sukulu, ndipo ku Zambia chikudziwikabe ndi dzinalo. Kumeneko amalemba c pamene Amalawi amalemba ch, monga m'mawu oti cipatala. Mkonzi akaona zotere dzanja limamuyabwa kuti akonze. Asatero. Mutu wa gwero umakoperedwa monga udasindikizidwira, pakuti wofuna bukulo m'laibulale adzalisaka ndi kalembedwe kake komweko. Buku la Jessie Williamson la mu 1955 limatchedwa Useful Plants of Nyasaland. Lotchedwa Useful Plants of Malawi ndi lokonzedwanso pambuyo pake, ndipo masamba a mabuku awiriwa salingana. Malamulo a kalembedwe amagwira ntchito pa mawu a mlembi mwini, osati pa mitu ya ntchito za ena.

Chachinayi ndi nzeru zosalembedwa. Zambiri zokhudza mankhwala azitsamba zili m'mitu ya asing'anga ndi azamba. Zina mwa izo zidalembedwa m'buku la Brian Morris lotchedwa Chewa Medical Botany la mu 1996, koma zochuluka zimamveka pakamwa pokha. Malamulo a akonzi aja salola kuti zimene munthu wangouzidwa zilowe mumndandanda wa magwero. Zimatchulidwa m'kati mwa nkhani, m'mikutiro, pamodzi ndi dzina la wonenayo ndi tsiku, ndipo wonenayo ayenera kuvomereza mwa kalata. Lamuloli lili ndi chifukwa chomveka, pakuti gwero liyenera kukhala chinthu chimene wowerenga angachipeze n'kudzionera yekha. Komabe zotsatira zake n'zakuti mlendo amene adalemba mawu a sing'anga amalandira nambala, pamene mwini nzeruzo satchulidwa. Mlembi wachilungamo angachepetse vutoli pofotokoza m'gawo la njira za kafukufuku kuti adafunsa anthu otani, a dera liti, liti, ndi m'chiyankhulo chanji, komanso powathokoza ndi mayina ngati iwo alola. Mayina a odwala okha ndiwo sayenera kutchulidwa.

Nkhaniyi ikukhudzanso matchulidwe. Ophunzira ambiri amalemba kuti “mabuku ogwiritsidwa ntchito” pamwamba pa mndandanda wawo. Mawuwa ndi opereweza, chifukwa magwero ambiri a zachipatala si mabuku ayi koma nkhani za m'magazini, malipoti a Unduna wa Zaumoyo ndi zopezeka pa intaneti. Kungakhale bwino aphunzitsi ndi akonzi atagwirizana pa mawu atatu: gwero, kutanthauza cholembedwa chimene mfundo yachokera, chilozero, kutanthauza nambala ya m'kati mwa nkhani, ndi mndandanda wa magwero, kutanthauza zolembedwa kumapeto. Mawu onsewa ndi a Chichewa chodziwika ndipo safuna kumasulira.

Njira ya Vancouver ndi yoyenera kuitsata, koma iphunzitsidwe pamodzi ndi zofooka zake. Gwero ndi mboni ya mlembi. Pabwalo la mfumu, mboni yosadziwika dzina ndi kwawo siimvedwa, ndipo mkonzi asavomereze nkhani imene wowerenga sangathe kulondola mboni zake.